Vela ya iridium pa njinga yanga: patha milungu isanu

Kuno ku Ulongué timati vela, abale athu a ku Dedza amati pulagi, koma chinthu chake n'chimodzi. Njinga yanga ndi ya 150cc ya ku China, injini yake yotengera ya Honda CG ija amakanika onse amaidziwa ngati kumunda kwawo. Inabwera ndi vela wamba, D8EA. Dandaulo langa linali la m'mawa. Kuzizira kwa mwezi wa Juni kuno si masewera, ndipo ndinkakoka choki n'kuponda kiki kasanu ndi kawiri, pena kakhumi, mpaka thukuta kamukamu m'jekete, anzanga atafika kale kumsika ndi matumba awo a mbatatesi.

Mlungu woyamba

Ndiye ndinaganiza zoyesa vela ya iridium, chitsulo cholimba chimene amaika pa nsonga pake. Yoyamba imene ndinagula pa benchi ina inali yabodza. Mtengo wake unangosiyana pang'ono ndi wa vela wamba, ine n'kumati ndatola. Kufika kunyumba, kukhula ndi chala zilembo zikufufutika, nsonga yake yonenepa ngati ya msomali. Basi, ndalama ija inapita. Yeniyeni, NGK DR8EIX, anakandigulira mlamu wanga ku Tete.

Zilembozi zili ndi nkhani. D ndi kukula kwa mazinga, mamilimita 12. R akutanthauza kuti m'kati muli resistor, kachipangizo kochepetsa mayendedwe a magetsi. E ndi kutalika kwa mazingawo, mamilimita 19. Nambala 8 ndiyo yofunika kuisamala, chifukwa imanena mmene vela imatayira kutentha: kwa NGK, nambala ikamakwera vela imakhala yozizirirapo. Yakale inali 8, yatsopano 8, sindinafune zoyesa dala pamenepo. Kusiyana kwenikweni kuli pa nsonga. Ya vela wamba imakhala pafupifupi mamilimita 2.5, ya iridium ndi 0.6 basi, ngati singano. Moto umadumpha mosavuta kuchokera pa nsonga yopyapyala, sufuna magetsi ambiri. Ndipo nsongayo siitha msanga chifukwa iridium amasungunuka kutentha kukapitirira madigiri 2,400, pamene nickel wa pa vela wamba amagonja cha pa 1,450.

Velayo ndinaimanga injini itazizira. Kupota ndi zala kaye mpaka itakhala, kenaka sipanala ya 18, theka la kuzungulira, n'kuleka. Mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, ukaumiriza mazinga amatha, ndiye mudzalira. Mpata wa pa nsonga sindinaukhudze, kansinga kameneka kamathyoka mukakapana ndi chitsulo.

M'mawa mwake kiki yachitatu, njinga inalira. Ikaima pamalo, kulira kwake kunali kosalala, osati kotsokomola kuja. Koma liwiro? Pa tala wopita ku Calómuè muvi unaima pa 95, pomwe unkaima kale. Sindinapindule kilomita ngakhale imodzi.

Mlungu wachiwiri

Njinga inayamba kudukiza ndikakoka moto kwambiri. Ndinapita kwa madala ena okonza njinga kuseri kwa msika, mtima uli pa vela kuti mwina nayonso ndi yabodza. Iwo sanaiyang'ane n'komwe. Anazula kachipewa kovala pa vela kaja, n'kukatembenuza padzuwa. Kanali ndi mng'alu wonga tsitsi, m'kati muli dzimbiri lobiriwira.

"Mwana wanga, mwagula nsapato yatsopano koma mwendo uli ndi chilonda," anatero akuseka.

Anandifotokozeranso kuti kachipewako kali ndi resistor yakeyake ya ma ohm 5,000, ndipo vela ya R ilinso ndi ina yotero. Kachipewa kakakalamba, kuphatikiza ziwirizo, moto umafika wofooka. Tinaika katsopano, kudukiza kunatheratu, ndipo tsopano imalira pa kiki yoyamba kapena yachiwiri. Chimene chikundiwawa n'chakuti sindingathenso kulekanitsa: pa vuto la m'mawa lija, la vela linali lochuluka bwanji, la kachipewa lochuluka bwanji? Ndikanayamba n'kachipewa, kotchipa, mwina nkhani ya iridium sikanabwera.

Mlungu wachitatu

Apa ndiye panali phunziro. Ndinamasula vela kuti ndiione, ndipo inali bii, mwaye wouma ngati kunsi kwa mphika. Vela ya ndalama zambiri chonchija! Mwaye wouma umatanthauza kuti petulo akuchuluka, mpweya ukuchepa. Zifukwa ndinapeza ziwiri. Fyuluta ya mpweya, ya siponji ija, inali itatsekeka ndi fumbi lofiira la njira ya ku Dómuè, moti nditaifinya mu parafini munatsala phala. Ndinaiumitsa, kudontheza oyilo pang'ono, kubwezera. Chachiwiri n'chakuti Ulongué ali pamtunda, cha m'ma mamita 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, koma kabureta amathira petulo ngati tili kuchigwa. Ndinatsegula pamwamba pa kabureta, n'kukweza kakilipi ka pa singano yoyeza petulo ndi mpata umodzi kuti singanoyo itsike, petulo achepe.

Patapita masiku anayi vela inasanduka yofiirira ngati tiyi wamkaka, mtundu umene timaufuna. Ndipo mphamvu ija ndinkaifuna kwa vela ndinaipeza pano. Chitunda chimene ndinkakwera ndi giya yachiwiri nditanyamula matumba awiri, tsopano ndikukwera ndi yachitatu. Mayi a kunyumba akuti ndikungodzinamiza kuti ndalama isandipweteke, koma giya siinama.

Mlungu wachisanu

Ulendo wa ku Tete, kudzera pa Mussacama n'kutsika mpaka Moatize. Mzinda wa Tete uli m'mbali mwa Zambezi, sufika ndi mamita 200 omwe, ndipo mpweya wa kumeneko ndi wolemera kuposa wa kwathu. Ndinaiwala zimenezo. Chakufupi ndi Moatize injini inayamba kumveka mouma, kutentha kukuwomba m'miyendo. Ndinaima pansi pa mlambe, kudikira kuti izizire, ana a mbuzi akundizungulira. Kumasula vela, nsonga ili mbee. Kusintha kwanga kuja kunali koyenera kumapiri, kuchigwa petulo anali akuperewera, ndipo zimenezo zimatha kuboola pisitoni. Ndinabwezera kakilipi pamalo pake pomwepo, nditayala mpango pansi, chifukwa kakagwa mumchenga simungakaonenso.

Pobwerera ndinakakwezanso ndili pakhomo. Panopa ndikulemba malita ndi makilomita m'kope kuti ndione za petulo, thanki zitatu zikakwana ndidzanena. Loweruka likubwerali ndikufuna kuyeza mipata ya mavavu, popeza m'mawa ndikumva kachiphokoso ka tiki-tiki kumutu kwa injini. D8EA yakale ija ndaitsuka, ili m'kansalu pansi pa chishalo.