Tsiku limene ndinathira apongozi ufa chifukwa cha LeBron James

Ine ndi LeBron James, katswiri wa basketball wa ku America, tinabadwa chaka chimodzi, 1984. Ine mu Malichi, iye pa 30 Disembala, ndiye pachikhalidwe chathu ameneyu ndi mng'ono wanga, ndipo akanakhala wa kuno ku Chilomoni bwenzi akundipatsa moni ndi manja awiri. Mfundo imeneyi ndakhala ndikuilalikira pa bawo, kumaliro, ngakhale mu minibasi, mpaka tsiku lina inandikwezetsa wilibala.

Basketball ndinaidziwira ku sekondale. Luso ndinalibe, koma ndinali wamtali, ndipo masiku amenewo kutalika kunali kokwanira. Aphunzitsi ankangondiimika pansi pa ring'i ngati mtengo wa bulugama n'kunena kuti, "Iwe ingokweza manja basi." Mu 2003, pamene timu ya Cleveland inkasankha LeBron kukhala woyamba pa anyamata onse olowa mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, ine ndinali ndikubwereza Fomu 4. Njira zathu zinapatukira pamenepo. Iye anapita ku Miami n'kukatenga zikho ziwiri, anabwerera kwawo n'kutenga china mu 2016, kenako china ku Los Angeles mu 2020. Ine ndinapita ku Limbe kukagulitsa masipeyala a galimoto, ndipo m'malo mwa zikho ndinatenga mimba.

Komabe sindinamutaye. Masewero a ku Los Angeles kuno amayamba cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, ndiye kwa zaka zambiri ndakhala ndikudzuka tambala asanalire, kufunda bulangete pabalaza, kukuwa mosatulutsa mawu kuopa kudzutsa ana. Mayi a kunyumba anazolowera. Amati bola mkazi mnzawo ndi wailesi ya kanema.

Mdani wanga pa nkhani imeneyi ndi alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Iwowa ndi a mpingo wa Michael Jordan, katswiri wakale wa basketball, ndipo satembenuka mtima. Tikangokhala pansi amayamba: "Alamu, mdala wanu uja akapume. Jordan zikho 6, ndipo mu fainolo sanagonjepo. Wanuyo akudikira chiyani, kuti amutulutse pa machira?" Ine ndimawakumbutsa kuti Jordan wawoyo anatsanzika katatu, mu 1993, mu 1999 ndi mu 2003, ngati mlendo amene akangofika pa msewu amakumbukira kuti waiwala chipewa. Kenako ndimawawerengera: mapointi 38,387 a Kareem Abdul-Jabbar, amene anthu ankati palibe adzawafike, LeBron anawadutsa mu Febuluwale 2023. Mu Malichi 2024 anapyola 40,000. Chaka chomwecho ku Paris anavala mendulo ya golide ya Olimpiki ndevu zili mbuu ndi imvi. Munthu wotere mukumuuza kuti akakhale pakhonde?

Pamenepo ndimakhala ngati ndikuteteza LeBron, koma kunena zoona ndimakhala ndikudziteteza ndekha. Iye akakalamba ndiye kuti ine mkulu wake ndatheratu.

Zinthu zinafika posauzana mu Okutobala 2024. Usiku wotsegulira sizoni, timu yake ya Los Angeles Lakers ikusewera ndi Minnesota, LeBron ananyamuka pa benchi limodzi ndi mwana wake Bronny n'kulowa m'bwalo. Bambo ndi mwana, timu imodzi, koyamba m'mbiri ya NBA. Mwanayo anasewera mphindi zosakwana zitatu ndipo sanagoletse, koma ine misozi inalengeza. Ndinakumbukira kuti kuchipinda kwagona mwana wanga wachisamba, wa zaka 17, amene amasewera basketball kusukulu kwawo ndipo anthu amamutama. Ndinakamugwedeza.

"Iwe, dzuka. Ine ndi iwe tisewera timu imodzi."

"Adadi, kunja sikunache."

"Mbiri sidikira kuti kuche."

Mwayi unadzibweretsa wokha. Achinyamata a kutchalitchi kwathu anakonza masewero opezera ndalama za malata, Loweruka lina mu Novembala, pa bwalo la simenti la sukulu ina yapafupi. Ndinakalembetsa. Mnyamata wolemba mayina anandiyang'ana kumutu, anandiyang'ana pamimba, n'kufunsa mwaulemu ngati ndikufuna kukhala mlendo wolemekezeka. Alamu atamva anaseka mpaka kutsokomola, ndipo tinabetcherana tambala: iwo amati sinditha masewerowo ndili chilili.

Kukonzekera ndinakonzekera. Ndinali nditamva anthu akunena kuti LeBron amawononga ndalama zoposa miliyoni imodzi ya madola pachaka posamalira thupi lake, ndipo akatha kusewera amaviika miyendo m'madzi oundana. Ine ndinathamanga kuzungulira nyumba kawiri, kenako ndinaviika mapazi m'beseni la mafirizesi amene mayi a kunyumba amagulitsa kwa ana a sukulu. Nkhani ya mafirizesiyo ndi mlandu wina pawokha, tiusiye. Ndinafukulanso jezi yanga ya nambala 23 imene ndinagula pa kaunjika zaka khumi zapitazo. Inalowa, koma movutikira, moti manambala aja anatambasuka n'kuoneka ngati akufuna kuthawana.

Chinatsala ndi chimodzi. Amene mumamudziwa LeBron mukudziwa mwambo wake uja: masewero asanayambe amapita pa tebulo la olemba zigoli, kuthira paudala woyera m'manja, n'kumuwaza m'mwamba, manja tambalale, anthu n'kumakuwa. Paudala ameneyo ndinalibe. Koma kukhitchini kunali ndowa ya ufa woyera. Ndinatapa makapu awiri n'kuthira m'kajumbo.

Sabata imeneyo n'kuti apongozi anga aakazi atabwera kuchokera ku Ntcheu kudzaona zidzukulu. Mayi amenewa ndimawaopa monga mwambo unenera. Zaka zonse za ukwati wanga sindinawayang'anepo m'maso, tikakumana panjira ndimapatukira kutchire, ndipo nkhani zathu zimadzera mwa mwana wawo ngakhale titakhala chipinda chimodzi. Atamva kuti mdzukulu wawo akasewera anati nawonso akaonerera. Atamva kuti inenso ndisewera anafunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi bambo a kuno ayamba ntchemberembaye?" Achinyamata aja, powalemekeza, anawaikira mpando kutsogolo, pafupi ndi tebulo la olemba zigoli. Anavala diresi yabuluu ya kutchalitchi, duku latsopano, ndi chitenje chapamwamba.

Dzuwa la Novembala mukulidziwa, lija limaotcha mvula isanagwe. Mphepo kunalibe, ngakhale tsamba silinkagwedezeka. Oyimbira atatsala pang'ono kuliza wezulo ndinayenda mwachifumu kupita pa tebulo, ndinakhuthulira ufa m'manja onse awiri, ndinatseka maso, n'kuwaza m'mwamba ndi mphamvu zanga zonse.

Kamvuluvulu ameneyo kumene anachokera, mpaka lero ndimakayikira alamu.

Nditatsegula maso bwalo lonse linali zii. Ufa wina unali utandibwerera kumaso, koma wambiri unali utatera pa munthu mmodzi. Apongozi anali phee pampando pawo, manja pamiyendo, ali mbuu kuyambira pa duku mpaka kumapazi ngati munthu amene wagona ku chigayo. Maso okha ndiwo ankaphethira. Sanakuwe, sanadzikutumule. Anangotembenukira kwa mwana wawo n'kufunsa ndi mawu ozizira, koma omveka mpaka kumipando yakumbuyo:

"Ufa wadula chonchi chaka chino, kuno amathira anthu?"

Ndinagwada pa simenti yotentha ija chapatali, ndikuomba m'manja, maso pansi. Mayi a kunyumba anandiyang'ana ndi diso lija limatanthauza kuti tikakambirana kunyumba. Alamu anali atagwira mtengo wa ring'i kuti asagwe.

Munthu wanzeru akanapita kwawo. Ine ndinalowa m'bwalo.

Za chigawo choyamba palibe zambiri zonena. Anyamata a masiku ano sathamanga, amauluka. Ndikamafika mbali ino mpira uli kale mbali iyo, ndikamatembenuka wabwerera. Mwana wanga anandipatsira mpira kamodzi, mwaulemu chabe, ndipo ndinauponya bwino kwambiri moti unakagwera padenga la chimbudzi. Zitatero anayamba kundiyang'ana ngati sitinaonanepo. Mphindi zinayi zisanathe ndinapempha kupuma, ndipo ndinakhala pa benchi ndikupumira m'mwamba ngati nkhuku ya chitopa.

Chigawo chachiwiri ndinakakamira kubwereramo. Apa mumvetse zinthu ziwiri. Choyamba, pakati pa masewero matimu amasinthana mbali, ndipo ine mutu unali pa mlandu wa apongozi moti zimenezo sindinaziganizire. Chachiwiri, ufa uja unali utasakanikirana ndi thukuta n'kusanduka phala limene linkatsikira m'maso. Anthu ndinkawaona ngati mitengo yoyenda.

Ndinaima pafupi ndi ring'i imene ndinkati ndi yathu, manja pamaondo, ndikunamizira kutchinga. Mwadzidzidzi mnyamata wina analanda mpira pakati pa bwalo n'kuuyamba ulendo yekhayekha, kulunjika kumene ndinali. Anandidutsa ngati sindilipo, ndipo poona kuti palibe womulondola anachepetsa liwiro kuti agoletse mwa sitayilo.

Mtima wanga unabwerera ku Juni 2016. Masewero achisanu ndi chiwiri a fainolo, Cleveland ndi Golden State, zigoli zili 89 kwa 89, kwatsala mphindi zosakwana ziwiri. Andre Iguodala wa Golden State akukwera kuti agoletse, ndipo LeBron akutulukira kumbuyo ngati mphenzi n'kuukhomera mpira pa bolodi. Cleveland inapambana 93 kwa 89, itatsalira masewero atatu kwa amodzi, mzinda umene unakhala zaka 52 osaona chikho chachikulu. Tsiku limenelo ndinathyola mpando wapabalaza ndi chimwemwe. Tsopano nthawi yanga inali itakwana, ndipo apongozi aona okha kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba.

Ndinauyatsa. Anthu anayamba kukuwa, "Ndi wanu! Bambo, ndi wanu!" Ine ndinamva kuti akunena mpira. Iwo ankanena mwana.

Ring'i imakhala mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo LeBron tsiku lija dzanja lake linafika pamwamba pake. Ine, malinga ndi mboni, ndinadumpha mokwanira kuti nyuzipepala idutse pansi pa nsapato. Mpira sindinaukhudze. Chimene ndinakhudza ndi nkhongo ya mwana wanga, khofi lomveka ngati chitseko. Nthawi yomweyo panamveka maphokoso ena awiri. Loyamba linali kabudula, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Lachiwiri ndinalimva ndekha, m'munsi mwa msana, kenako moto unatsika kudzera m'thako lakumanja mpaka ku chidendene. Mwendo unakana ntchito. Ndinapepesuka kutuluka m'bwalo n'kukakhala, ndi thupi langa lonse, m'beseni la zitumbuwa za mayi wina wa chigwirizano.

Mpira, ndinamva pambuyo pake, unalowa ndithu. Oyimbira anaima ndi wezulo pakamwa osadziwa choyimba, poti buku lawo silinena za bambo womenya mwana wake wa timu imodzi.

Kudzuka kunakanika, ndipo ngakhale kukanatheka, kabudula sakanalola. Apa mpamene apongozi anaonetsa kuti ndi munthu wamkulu. Osandiyang'ana ngakhale pang'ono, anamasula chitenje chawo chapamwamba, chaufa chomwecho, n'kupatsira mwana wawo. "Kawafunditseni bambowo, ana akuona." Ndinatuluka pa bwalo limenelo nditakulungidwa m'chitenje cha apongozi, ndili pa wilibala ya omanga, woyendetsa ali alamu. Njira yonse ankawerama n'kumandifunsa ngati mtolankhani: "Ndiye alamu, tiuzeni, mwapuma kapena mukaganiza kaye ndi banja?"

Kuchipatala adokotala ake anali kamnyamata. Anandifunsa ngati ndagwa mumtengo. Nditafotokoza analemba kanthu pa kabuku kanga nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Kenako anandigoneka chagada n'kukweza mwendo wakumanja, ndipo ndinaitana amayi anga amene anamwalira kalekale. Anati ndi sciatica: mtsempha waukulu umene umachoka m'munsi mwa msana kudutsa m'thako kutsika ndi mwendo wapanikizika. Jakisoni, mapilitsi, ndi milungu itatu ndikuyenda ngati ndasenza mtsuko wodzadza. Zitumbuwa ndinalipira zonse 43, ngakhale zina zikanadyeka. Tambala anapita kwa alamu. Ku Ntcheu kunapita thumba la ufa kudzera mwa ankhoswe, amene anandipempha kuti ndifotokoze nkhaniyo kawiri, ati sanamve bwino.

Kwa chaka chathunthu dzina la LeBron silinatchulidwe m'nyumba mwathu. Masewero ndinkaonera pa foni, pansi pa bulangete.

Kenako mu Okutobala 2025 mng'ono wanga uja analengeza kuti ali ndi chiganizo chachikulu choti auze dziko. Alamu anaimba foni akusangalala, ati mdala watopa tsopano. Tsiku litafika zinapezeka kuti amatsatsa mowa wa Hennessy. Koma patangopita masiku ochepa kunabwera nkhani yeniyeni: LeBron sayamba nawo sizoni, koyamba chiyambire kusewera mu NBA. Chifukwa chake? Sciatica. Mbali yake? Yakumanja.

Ndinanyamuka pampando, mosamala, n'kupita kukhitchini foni ili m'manja.

"Mayi, taonani apa! Matenda anga aja! Mwendo womwewo! Ndipo ine ndinayamba, iye wachita kutsatira. Zaka zonsezi anthu amati ine ndimatsanzira iyeyo."

Anapitiriza kuvundula nsima. "Iyeyo anathira ndani ufa?"

Mu Novembala LeBron anabwerera m'bwalo kuyamba sizoni yake ya 23, kupitirira Vince Carter amene anasewera 22. Mmawa umenewo ndinadzimva kupepuka m'thupi, ndipo ndinalakwitsa kunena patebulo kuti mwina chaka chino achinyamata akakonzanso masewero ndikhoza kungolowa mphindi ziwiri. Jezi ndinaifunafuna osaipeza, mpaka ndinaizindikira pakhomo la bafa, akukolopera. Madzulo ake mayi a kunyumba anaimbira foni ku Ntcheu, ndipo mwadala anakweza mawu a foniyo kuti ndimve ndekha.

"Auzeni bambo a kumeneko," anatero apongozi, "akafuna kuseweranso anene msanga, ndibwere ndi lichero."