Powerenga The Thirty-Nine Steps, yambani mwafunsa kuti akuyankhula ndani

Buku la ukazitape la John Buchan, The Thirty-Nine Steps, linatuluka mu 1915 ndipo lili ndi mitu 10 yokha. Nkhani yake ikuchitika mu 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatsala pang'ono kuyamba. Richard Hannay, katswiri wa za migodi amene wangobwera kumene ku London kuchokera ku Rhodesia, akuthawira ku Scotland apolisi ndi akazitape a ku Germany ali pambuyo pake.

Ambiri amaphunthwa pa mutu woyamba, pamene Scudder, kazitape wa ku America amene wabisala m'nyumba ya Hannay, akunena kuti Ayuda ndiwo akukonza chiwembu choyambitsa nkhondo. Ena amatsekera bukulo pomwepo, ena amathamangira kulemba kuti awa ndi maganizo a Buchan. Onsewa afulumira. Ndi bwino kuliwerenga kawiri, koyamba kungotsata nkhani, kachiwiri pensulo ili m'manja. Paliponse pamene mtundu wa anthu ukunyozedwa, lembani m'mphepete dzina la woyankhulayo, kenako muone ngati nkhani ikumuvomereza kutsogolo. Mukatero mupeza kuti m'mutu wa 4 Hannay akumasulira kabuku ka Scudder kolembedwa m'zizindikiro zachinsinsi n'kuzindikira kuti zambiri zija zinali zabodza, ndipo pambuyo pake Sir Walter Bullivant, mkulu wa mu unduna wa zakunja wa Britain, akunena poyera kuti Scudder anali ndi tsankho pa Ayuda. Izi sizikumuyeretsa Buchan, chifukwa mawu aja anawapatsa malo aakulu koyambirira ndipo kuwatsutsa kwake n'kwa mizere yochepa.

Chovuta kwambiri kuchigwira ndi zimene bukulo silinena, poti pensulo ilibe pogwira. Hannay akuti anapeza ndalama zake ku Africa, anamenya nawo nkhondo yolimbana ndi Amandebele, ndipo nzeru zodzibisa anaphunzira kwa Peter Pienaar, Mbunu. Koma m'buku lonse mulibe munthu wakuda woyankhula, ndipo amene ankakumba migodiyo alibe mayina. Buchan mwiniwake anagwirapo ntchito ku South Africa pansi pa Lord Milner, yemwe ankaimira boma la Britain kumeneko, kuyambira 1901 mpaka 1903, choncho anthuwo anawaona.

Akazi nawonso amangotulukira kudzapereka chakudya kapena malo ogona. Pokonza filimu yake mu 1935, Alfred Hitchcock anachita kuwonjezeramo mkazi woti ayende ndi Hannay. Amene amadalira filimuyo polemba za bukuli amatchula munthu amene Buchan sanamulembe n'komwe.