Chisomo Chinamupeza Manase mu Unyolo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, nkhani ya Mfumu Manase pa 2 Mbiri 33 imandigwira mtima kwambiri. Iyeyu anali mwana wa Hezekiya, mfumu yoopa Mulungu, koma atalowa ufumu ali ndi zaka 12, anamanganso malo opembedzera mafano amene bambo ake anagwetsa, anaika fano m'nyumba ya Yehova momwemo, ndipo anawotcha ana ake enieni ngati nsembe m'chigwa cha Hinomu. Yehova atamuchenjeza, iye anatseka makutu.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti Mulungu anagwiritsa ntchito Asuri, anthu osamudziwa n'komwe, kuti amukole Manase ndi ngowe, amumange ndi unyolo wamkuwa ndi kupita naye ku Babulo. Asilikaliwo ankayesa kuti akutumikira mfumu yawo, chonsecho anali m'dzanja la Mwini zonse. Kumeneko zinthu zitamuthina, Manase anadzichepetsa kwambiri napemphera, ndipo Mulungu anamva pemphero lake.

Kunena zoona, ambirife tikanati munthu wokhetsa magazi osalakwa chotere asakhululukidwe, koma chisomo sichidikira chilolezo chathu. Mulungu anamubwezera ku Yerusalemu, ndipo manja omwe aja amene anaimika mafano ndiwo anawataya kunja kwa mzinda, nakonzanso guwa la Yehova ndi kuperekapo nsembe zoyamika. Analamulira zaka 55, kuposa mfumu ina iliyonse ya Yuda.

Chondipweteka n'chakuti mwana wake Amoni anatengera mafano a bambo ake koma osati kulapa kwawo, ndipo atumiki ake anamupha atangolamulira zaka 2.