Mabwana akapangana kuti asalandane antchito

Anthu ambiri akamva za malamulo a mpikisano pa malonda amaganiza za mitengo ya katundu m'masitolo, koma malamulowa amakhudzanso malipiro a munthu wolembedwa ntchito. Ku United States, makampani akuluakulu a zaukadaulo, kuphatikizapo Apple, Google, Intel ndi Adobe, anagwirizana mobisa kuti asamaimbire foni akatswiri a kampani inzawo n'cholinga chowakopa ndi ntchito yabwinopo. Unduna wa zachilungamo wa dzikolo unaletsa mchitidwewu mu 2010, ndipo antchitowo atakasuma paokha, makampani anayiwa anavomera kulipira madola 415 miliyoni mu 2015.

Ine ndikuona kuti ndalamazo zinali zochepa poyerekeza ndi kukula kwa mlanduwo. Nthawi zambiri wantchito amakwezedwa malipiro pamene bwana wake akuopa kuti kampani ina imutenga, choncho mabwana akapangana zotere amakhala atatsekereza malipiro a anthu masauzande ambiri eni akewo osadziwa n'komwe. Antchito amene anasumawo anali mainjiniya ophunzira kwambiri, okhoza kupeza maloya. Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi namwino wa m'tauni yokhala ndi zipatala ziwiri zokha, chifukwa zipatalazo zikapangana iye alibenso kwina kokafunsira ntchito.