Mawese athu afika ku Lilongwe

Inu amene mwakhala mukufunsa kuti mafuta ofiira aja a mawese mungawapeze kuti kuno ku likulu, mwezi uno tatsegula kashopu ku Area 25, ndipo makina athu ofinyira ayamba kulira ku Kaporo, m'boma la Karonga. Ndati ndikuuzeniko komwe tachokera, poti ambiri mumangoona zigubu pa Facebook.

Ine kwathu ndi ku Dedza, ku Karonga ndinapitira banja. Mawese, mitengo yonga kanjedza imene zipatso zake timafinyamo mafuta ofiirawa, ndinawadziwira kwa apongozi anga. Mkoko ukafiira, anyamata amakwera kukadula, zipatso nkuziphika mumgolo, kenako amayi awiri nkumazungulira ndi mtengo wopukusira mpaka chizungulire. Ukathira madzi mafuta amayandama, umawengula, nkuwiritsanso kuti madzi aphwe. Pofika madzulo chitenje chofiira, msana ulibe.

Chimene chinatiliza kwambiri ndi mbande. Mitengo ya makolo ndi ya mtundu wa dura, wa chikhokhombe chokhuthala ndi mnofu wochepa. Ife tinkafuna tenera, wa chikhokhombe chopyapyala, amene mafuta ake ndi ambiri. Kunabwera bambo wina wolankhula bwino, nkulumbira kuti mbande zake zachokera ku Kigoma, ku Tanzania. Tinagulitsa ng'ombe. Tsono mawese si chimanga choti ukanamizidwa pa Disembala, pa Epulo wadziwa. Tinapalira, kuthirira, kuthamangitsa mbuzi za eni zaka zinayi, ndipo tsiku limene bambo a kunyumba anang'amba chipatso choyamba ndi mpeni anangokhala pansi osayankhula. Dura yemweyo. Bambo wa mbande uja foni yake inali itasiya kale kugwira. Ngati mukuwerenga, achimwene, mitengo yanu ilipo, ikukupatsani moni.

Sitinadule. Tinaona kuti phindu la dura lili m'kati mwa nthanga: tikaswa timapeza mise, ndipo mafuta a mise ndi amene tikupangira sopo. Sopoyo ndiye walipirira ana sukulu.

Za ngongole ndingonena pang'ono. Tinabwereka ndalama ya makina, kwacha nkugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tisanamalize kulipira, mtengo nkuthawa. Amene anatibwereka aja ankamwetulira posainitsa, koma pobwera kudzanyamula njinga yamoto sanafunse nkomwe kuti kwagwanji. Tinabweza yonse, ndipo lero akamatiimbira kuti tikatenge ina timangoti zikomo.

Ndithokoze apongozi anga, amene mpaka pano amalawa mafuta ndi chala nkunena ngati apsa. Amayi a kubanki mkhonde, munandisunga pamene ndinalibe ngakhale ya sheya. Anyamata okwera mitengo, minga ya mawese ndikuidziwa, Mulungu akudalitseni. Alimi anzathu amene mumatibweretsera mikoko pa njinga, madalaivala amene mumakwera nazo zigubu pa Chiweta osataya dontho, a kumpingo, mchemwali wanga amene wavomera kukhala mushopu, ndi inu makasitomala oyamba a ku Mzuzu amene munkatumiza ndalama musanaone katundu, zikomo kwambiri.

Mafuta ophikira ambiri a m'magolosale ali ndi mawese omwewa ochokera ku Indonesia ndi Malaysia, koma oyeretsedwa mpaka kufiira kuja kutha. M'kufiirako ndi mmene thupi limapezamo vitamini A. Athu timafinya mkoko usanagone masiku awiri, nchifukwa chake sakereketa kukhosi. Yesani mu chigwada, mu nyemba, mu usipa, kapena mbalagha ya nthochi ndi nyama, mudzandiuza. Akaundana m'nyengo yozizira musataye, sanawonongeke. Ikani botolo padzuwa kapena m'madzi ofunda.

Tili ndi lita imodzi, malita 5 ndi chigubu cha malita 20, komanso sopo wa mise. A malesitilanti ndi oodetsa, mtengo timakambirana. Tilembereni ku inbox, mutha kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo a ku Blantyre ndi Zomba timatumiza pa basi Lachisanu lililonse.