Injini ya madala pa benchi langa

Mwera ukawomba asodzi sapita panyanja, ndiye ife okonza injini za maboti kuno ku Mangochi ntchito imatichulukira. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za Yamaha Enduro zokhazokha, za hosipawa (muyeso wa mphamvu ya injini) 15 ndi za 40: kutsuka kabureta, kusintha mapulagi, ndi kuchotsa ulusi wa ukonde umene umakulungika kuseri kwa pulopela n'kudya silo, kamphira kotchinga madzi. Silo ikadyeka madzi amalowa mu giyabokosi, oyilo n'kuyera ngati mkaka, koma mwini wake amalumbirabe kuti dzulo inali bwinobwino.

Lachitatu kunabwera madala ena atanyamula chinthu m'chiguduli. Kumasula, British Seagull ya ku England, yopanda chivundikiro, kathanki kali pamtunda, yoliza pokulunga chingwe pa flywheel, gudumu la pamwamba pa injini, n'kukoka.

"Bambo anga ankayendera imeneyi. Mungaidzutse, amisiri?"

"Tiyesa, madala, koma musathamangire kugula petulo."

Injini zimenezi anasiya kupanga mu 1996. Zakalezo zimafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 10 a petulo, pomwe Enduro timaika limodzi pa 50, n'chifukwa chake zimafuka utsi wadzaoneni. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anaiseka mpaka misozi. Ndinamuuza aiimike pafupi ndi Enduro imene tinali titamasula, aone bwino. Flywheel yogona pamwamba, shafiti yotsika choongoka, pansi m'madzi magiya okhotetsa mphamvu kupita ku pulopela. Zonse ziwiri chimodzimodzi.

Kamangidwe kameneka kanatchuka ndi Ole Evinrude, wobadwira ku Norway, yemwe anayamba kugulitsa injini zake ku Milwaukee, ku America, mu 1909. Inali ya hosipawa 1.5, yolemera pafupifupi makilogalamu 28. Sanali woyamba ayi. Gustave Trouvé anayendetsa boti ndi kainjini ka magetsi pa mtsinje wa Seine ku France mu 1881, ndipo Cameron Waterman anayesa yake ya petulo ku Detroit mu 1905. Anthu amakonda kufotokoza zoti Evinrude anapalasa boti kukagulira bwenzi lake Bess ayisikilimu, n'kufika nayo itasungunuka, ndiye anaganiza zopanga injini ya boti. Ine nkhani imeneyo sindiitengera. Chimene ndimamulemekezera bamboyu ndi chimene anachita atagulitsa kampani yake mu 1913: anabweranso mu 1921 ndi injini yotchedwa ELTO, ya masilinda awiri, hosipawa 3, koma yopepuka kuposa yoyamba ija chifukwa anagwiritsa ntchito aluminiyamu. Abale a kwa Johnson nawonso anatulutsa yawo yopepuka nthawi yomweyo.

Mpikisano unali wa kupepuka, ndipo aliyense wokhala kugombe akudziwa chifukwa chake. Injini yabwino ndi imene munthu mmodzi angaimasule pa boti, kuisenza paphewa, n'kukagona nayo m'nyumba poopa akuba. A ku Japan analowamo mochedwa, Tohatsu mu 1956, Yamaha mu 1960, koma lero ndiwo adzaza nyanja yathu. Za dzina la Evinrude anasiya kupanga mu 2020.

Lachinayi lonse linathera pa Seagull ija. Mapoyinti, tizitsulo tothandiza pulagi kutulutsa moto, anali atachita dzimbiri, njira za madzi zitatsekeka ndi matope ouma, moti tinachita kuzitokosa ndi waya. Lachisanu tinaimangirira mu mgolo wa madzi. Inatsokomola, kuzima, kenako n'kulira, utsi tolotolo, ana a sukulu mpaka kuima pamsewu. Mnyamata uja ndiye anakakamira kuti azikoka chingwe yekha.

Madala anabwera Loweruka ndi ndalama yoperewera ndi kambale ka usipa wouma. Ndinalandira. Ndinawachenjeza kuti asaiyese pa boti la chilimira, ingokhala yoyendera m'mbalimbali. Pulagi yake ndi ya mamilimita 18, yaikulu kuposa za Enduro, ndipo m'mashopu a kuno sindinaipeze, choncho ndinangotsuka yakale ija n'kuwauza kuti aisamale.