Kalulu ndi wakuba, amalume

Lachitatu usiku. Tulo takana kubwera, ndiye ndadzuka kuti ndilembe.

Madzulo ano mwana wa mlongo wanga anabwera ndi kope lake la Chichewa. Ali Fomu 4, mayeso a MSCE ali pakhomo, ndipo amayi ake anandipempha kalekale kuti ndizimuthandiza poti ine ndi mabuku sitisiyana. Tinakhala pakhonde, iye pamkeka ine pampando, ndikumufunsa matanthauzo. Mpangankhani? Wayankha. Malo ndi nthawi? Wayankha. Tsatanetsatane wa nkhani, mfotokozankhani, kalozakale, kalozamtsogolo, chifanifani, umunthu, zonse zimangotuluka osapunthwa ndi pamodzi pomwe. Mtima wanga unakhala m'malo.

Ndiye ndinati tiyese mawu amenewa pa nthano imene tonse awiri timaidziwa, ija ya chilala. Nyama zonse zikukumba chitsime, Kalulu akukana, koma chitsime chitatha akumabwera ndi uchi, kunyengerera mlonda, kumumanga n'kutunga madzi, mpaka Kamba adzamugwira ndi ulimbo. Ndinafunsa kuti mpangankhani wamkulu ndani pamenepa.

"Kamba."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndi amene anachita zabwino. Kalulu ndi wakuba, amalume."

Anandionetsa m'kope. Analembamo kuti mpangankhani wamkulu ndi ngwazi ya nkhani, munthu wabwino amene amalimbana ndi woipa. Analemba mwaukhondo, n'kudula mzere kunsi kwake ndi cholembera chofiira. Chinandipweteka si kulakwa kwa yankholo, koma kuti mwanayu nthanoyi amaidziwa bwino lomwe, ankaseka nayo ali wamng'ono, koma tanthauzo la m'kope linamutseka maso mpaka osaonanso Kalulu.

Ndinamuuza kuti amuchotse Kalulu m'nthanomo, aone chimene chitsale. Patsala nyama zokumba dzenje n'kumwa madzi, basi. Palibe angakhale pamoto kumvera zimenezo. Amene akuyendetsa nkhani, amene maso athu ali pa iye kuyambira pachiyambi mpaka pamathero, ameneyo ndiye wamkulu, kaya ndi wakuba kaya ndi woyera mtima. Liwu la protagonist limene amaloweza ku Chingerezi linachokera ku Chigiriki, ndipo linkatanthauza wosewera woyamba pa zisudzo za ku Athens. Za ubwino mulibemo. Ngakhale Aristotle, Mgiriki wanzeru zakuya amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, anati sewero lomvetsa chisoni limakoma ngati mwini nkhani sali wabwino kotheratu kapena woipa kotheratu, koma munthu wonga ife amene wagwa chifukwa cha kulakwitsa kwake. Pa zinthu 6 zimene anati zimapanga sewero lotere, anaika patsogolo kalukidwe ka zochitika, khalidwe la anthu n'kubwera pambuyo.

Apa ndinatenthedwa, ndikudziwa. Ndikayamba za nthano ndimaiwala nthawi. Ndinamufunsa ngati akukumbuka mmene tinkachitira Fisi akapatsidwa ulonda. Tonse timadziwa kuti Kalulu akubwera ndi uchi, timadziwa kuti chingwe chili pafupi, Fisi yekha ndiye sakudziwa. Kukoma konse kumagona pamenepo. Ku Chingerezi amati dramatic irony, ndipo anali nalo liwulo m'kope lina, ataloweza, osazindikira kuti agogo ake ankamupatsa chinthu chomwecho ndi "Padangokhala" pomwe iye akuyankha "Tili tonse." N'chimodzimodzi m'mafilimu a ku Nigeria amene amaonera ndi anzake: kamera imayandikira pa kapu imene mwathiridwa mankhwala, kapu yokhayo n'kudzaza sikirini yonse, anthu n'kuyamba kukuwa kuti "usamwe!" Kuyandikira kwa kamera kumeneko ndi close-up, ndipo ntchito yake ndi yomwe ankagwira agogo akatsitsa mawu n'kuima kaye asanatchule uchi. Pamenepo anaseka, n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndimazidziwa kale?" Nkhope yake inawala. Ndikanakonda tikanalekera pomwepo.

Koma tinafika pa kaphiri kaja kamene amajambulitsidwa: chiyambi, kukwera, pachimake, kutsika, mathero. Kaphiri kameneka kanachokera kwa Gustav Freytag, mlembi wa ku Germany, mu 1863, ndipo iye ankayang'ana masewero a Agiriki ndi a Shakespeare, n'kugawa sewero m'magawo 5. N'chifukwa chake nsonga yake ili pakati penipeni. Nthano zathu zambiri sizitero. Zimakwera pobwereza, mlonda woyamba, wachiwiri, wachitatu, kanyimbo komweko kakubwerera, ndipo chimake chimadza kumapeto, kenaka nkhani n'kutha msanga anthu akagone. Mwanayu amavutika kukankhira Kalulu m'kaphiri ka mwini wake, ndipo zikakana amaganiza kuti wopusa ndi iye. Chimenechi ndicho chimandiwawa. Mawu awa anapangidwa ndi anthu amene anayamba aona kaye sewero, likuwaseketsa kapena kuwaliza, kenaka n'kufuna dzina la chimene chawagwira mtima. Ana athu timawapatsa dzina poyamba, chinthucho osawaonetsa.

Kunja kutayamba kuda, udzudzu utayamba kutiluma, anatseka kope n'kundiyang'ana.

"Ndamva, amalume. Koma nanga pa mayeso ndikalembe ziti? Za m'kope kapena zanuzi?"

Ndinakhala chete nthawi ndithu. Ndinaganiza za amayi ake, mmene amavutikira kupeza fizi, ndi mmene onse akudikirira satifiketi imeneyi. Ndinaganizanso za aphunzitsi amene ali ndi ana odzaza kalasi, mabuku ochepa, silabasi yaitali, amene tanthauzo lachidule la pabolodi ndilo lingafike kwa aliyense. Sindiwaweruza. Ndinamuuza kuti akafunsidwa za buku, atchule amene nkhani ikumutsata ndipo apereke umboni wochokera m'bukumo, chifukwa yankho lokhala ndi umboni limadziimira lokha. Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti sanakhutire. Mzere wofiira uja sanaufufute. Anangolemba pambali pake, ndi pensulo, timalemba tating'ono: Kalulu?

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Tili m'njira anandifunsa ngati mfotokozankhani angathe kunama, ndipo ndinati inde, angathe, tidzakambirana Loweruka. Anati anzake a m'kalasi sangakhulupirire zimenezo.

Pano ndikungotembenuka pabedi. Kodi ndamuthandiza, kapena ndamusokoneza mayeso atayandikira chonchi? Pensulo ija ikundibwererabe m'maso. Loweruka ndiyambira pa nthano ya Kamba ndi Nyani, kope likhale lotseka kaye.